Madzi a mvula asalowe mu septic tank: zomwe ndimapeza ndikatsegula manhole ku Dedza

Januwale akafika, mvula itakhazikika, dandaulo limene ndimalandira kwambiri ndi limodzi: chimbudzi cha madzi chasiya kumeza, m'bafa mukubwerera madzi akuda, kuseri kwa nyumba kukununkha. Eni nyumba amakhala atagamula kale kuti septic tank, thanki ya pansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi, yadzadza, tipeze galimoto yopopa. Ena amapopetsadi ndi kulipira ndalama zambiri, koma pakangotha sabata ziwiri thanki ija yadzadzanso mpaka pakamwa. Ntchito yanga ndi ya mapaipi ndi ngalande kuno ku Dedza, ndipo ndikatsegula chivindikiro cha manhole, kabokosi ka pansi koonera m'mapaipi a zonyansa, pa nyumba zotere, kawirikawiri sindipezamo zonyansa zochuluka. Ndimapezamo madzi ofiira a katondo, mchenga pansi, masamba a paini ndi a bulugamu akuyandama pamwamba. Zimenezi sizichokera m'chimbudzi ayi, zachokera padenga ndi pabwalo.

Pakhomo pamatuluka madzi a mitundu itatu. Pali a mvula, ochokera pamalata ndi pabwalo. Pali osambira, ochapira ndi otsukira mbale. Ndiye pali a m'chimbudzi. A mvulawo ayende njira yawoyawo kuchokera kudenga mpaka kumene akukathera, asakumane ndi awiri enawo pena paliponse, kaya m'paipi, m'ngalande kapena m'dzenje. Kuno tilibe mapaipi akuluakulu a khonsolo otenga zonyansa za tauni yonse, choncho zonse zimathera pa puloti yanu yomweyo, ndipo mukalakwitsa, woyamba kumva fungo ndinu.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi ili ndi denga losachepera masikweya mita 80. Mvula ya mamilimita 30, yomwe kuno ingagwe masana amodzi anthu akudikira pakhonde la sitolo, imatsitsa malita 2,400 padenga limenelo. Ndi ndowa 120 za malita 20. Tsono septic tank ya banja la anthu 6 kapena 8 imasunga malita ngati 3,400, ndipo banjalo likamagwiritsa ntchito malita 80 munthu aliyense, patsiku pamalowa malita 500 kapena 600 basi, pang'onopang'ono. Ndiye taganizani malita 2,400 akulowamo ola limodzi.

Thanki imagwira ntchito ndi bata. Zolemera zimakhazikika pansi n'kukhala matope, mafuta ndi zopepuka zimayandama n'kupanga chikhungu pamwamba, ndipo madzi apakati okha ndiwo amatuluka kupita ku soakaway, dzenje lomwetsa madziwo m'dothi. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya matope aja pang'onopang'ono. Madzi a mvula akalowa mwamphamvu amavundula zonsezi ngati mmene mthiko umavundulira phala, matope ndi mafuta n'kukankhidwira ku soakaway. Kumeneko amamata makoma a dzenje, n'kukhala ngati munthu wawazira. Dothi lozirika chotero silimwanso madzi ngakhale m'chilimwe. N'chifukwa chake kupopa thanki sikuthetsa vuto: chafa ndi soakaway, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kukumba ina.

Malo amene mvula imalowera ndi odziwika. Oyamba ndi paipi yotsitsa madzi kuchokera ku gutter (ngalande ya m'mphepete mwa malata), imene womanga wina anailozetsa mu gully ya kukhitchini (kadzenje ka panja kolandira madzi otsukira) chifukwa inali pafupi ndipo pabwalo pankaoneka paukhondo. Achiwiri ndi gully yomangidwa molingana ndi nthaka, mwina yotsikirapo, moti madzi onse a pabwalo amathamangira mmenemo. Gully iyenera kukhala ndi mlomo wa njerwa ndi simenti wotukuka masentimita 15 kuchokera pa dothi, kapena masentimita 5 ngati pozungulira pali simenti, komanso ikhale yotsika masentimita 15 kuchokera pa dzenje lotulukira madzi la m'bafa, kuti paipi ikatsekeka madzi asefukire panja osati m'nyumba. Achitatu ndi bafa la panja lopanda denga kapena silabu ya pampope, zolumikizidwa ku paipi ya kuthanki. Achinayi ndi zivindikiro za manhole zong'ambika kapena zokwiririka m'dothi. Achisanu amavuta kuwaona: thanki yosapakidwa pulasitala bwino. M'malo otsika a kudambo, madzi a pansi akakwera mu Febuluwale amalowa m'mipata ya njerwa usiku ndi usana.

Kuyesa n'kosavuta ndipo sikufuna katswiri. Tsiku lopanda mvula, tsekani mipope yonse, wina asalowe m'bafa kapena m'chimbudzi. Tsegulani manhole yomaliza, yoyandikira thanki. Wina akwere pamakwerero athire ndowa ziwiri mu gutter, inu mukuyang'ana mu manhole. Mukaona madzi akudutsa, mwapeza polowera. Chitani chimodzimodzi pa paipi yotsitsa iliyonse, kenako thirani ndowa pabwalo pafupi ndi gully. Mukafuna kutsimikiza, sungunulani katondo pang'ono m'madzimo kuti muwazindikire akamadutsa. Ngati zonsezi zili bwino koma thanki ikudzadzabe nthawi ya dzinja, ipopetseni, musagwiritse ntchito chimbudzi usiku umodzi, m'mawa muunike ndi tochi muli kunja. Madzi akakhala atakwera, akulowera m'makoma.

Tsopano njira ya madzi a mvula. Gutter ipendekeke pang'ono kuloza ku paipi yotsitsa, mamilimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse, ndipo zogwirira zake zisatalikirane kupitirira mita imodzi, apo ayi imapindika pakati n'kusunga madzi. Paipi yotsitsa ya mamilimita 75 kapena 80 ndi yokwanira mbali imodzi ya denga la kukula ndatchulaku. Denga likakula kuposa apa ikani ziwiri. Amene muli m'munsi mwa phiri la Dedza, kumene kuli mitengo ya paini, ikani kawaya pakamwa pa paipi yotsitsa, chifukwa masamba a paini amalukana ngati chisa n'kutseka paipi yonse.

Nyumba zambiri zilibe gutter, ndipo zimenezo si mlandu bola pansi pakhale pokonzeka. Kuzungulira nyumba kukhale kakhonde ka simenti kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kupitirira pamene madzi a malata amagwera, kopendekera kunja masentimita 2 pa mita. Ndimaona makonde ambiri opendekera kukhoma, ndipo zotsatira zake zimaoneka m'kati: penti kufundukuka m'munsi mwa khoma, mchere woyera kutuluka pa njerwa, ming'alu pakona. Kumapeto kwa kakhondeko kukhale ngalande ya njerwa yopaka simenti, masentimita 25 kapena 30 m'lifupi, yotsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Musayese ndi maso. Mangani chingwe, ikani levulo, ndipo musanamulipire womanga thirani ndowa kumtunda kwa ngalande muone ngati madzi onse afika kumapeto osasiya chithaphwi.

Dedza ndi tauni ya pamtunda, mamita ngati 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mapuloti ambiri ali potsetsereka. Ku Ntcheu m'munsi mwa mapiri ndi chimodzimodzi. Pa malo otere madzi a padenga lanu ndi ochepa poyerekeza ndi amene akutsika kuchokera kwa anzanu a kumtunda. Kumbani ngalande yopingasa kumtunda kwa nyumba, mamita 2 kapena 3 kuchokera pakhoma, yakuya masentimita 30 mpaka 45, kuti igwire madziwo ndi kuwazungulitsa m'mbali. Dothi lofukulalo liunjikeni mbali ya kumunsi ndipo bzalanipo vetiva. Chofunika kwambiri, ngalande imeneyi idutse kumtunda kwa thanki, kwa soakaway ndi kwa chimbudzi chokumba, kuti malo amenewa akhale ouma pamwamba. Potsetsereka kwambiri ikani timasitepe ta miyala m'ngalandemo kuti madzi azitaya mphamvu, apo ayi chaka chimodzi chokha ngalande imasanduka chigwembe.

Nanga madziwo akathere kuti? Ine ndimakonda asungidwe kaye. Migolo iwiri ya malita 200 pansi pa paipi yotsitsa imapulumutsa bilu ya Central Region Water Board pa zochapa ndi zokolopa. Madzi oyamba a mvula yoyamba muwataye, chifukwa amatsuka fumbi la chilimwe chonse ndi zitosi za mbalame. Mgolo ukhale ndi chivindikiro kuti udzudzu usaswane ndiponso mwana asagweremo, ndipo paipi yosefukira iloze m'ngalande ya mvula, osati mu gully. Otsalawo alowe m'munda, m'maenje a mitengo ya zipatso kapena m'dzenje lawolawo la miyala, lotalikira mamita 5 kuchokera ku maziko a nyumba ndiponso kutali ndi soakaway ya chimbudzi. Ngati pali ngalande ya m'mbali mwa msewu, madzi a mvula okha ndiwo angalowemo. Kuboola mpanda kuti madzi anu agwere pabwalo la mnzanu wa kumunsi ndi chiyambi cha milandu ya kwa amfumu; khalani pansi awirinu mugwirizane podutsa ngalande musanamange mpanda.

Kulakwitsa kwina ndi kotembenuza, ndipo kumandipweteka kuposa koyamba: kutulutsa madzi a m'bafa, a kukhitchini, ngakhale osefukira ku thanki, kuwalowetsa m'ngalande ya mvula. Nyumba za lendi zambiri zimatero, kapaipi kotulukira kuseri kwa mpanda n'kumathira mumsewu. M'chilimwe pamakhala chithaphwi chobiriwira chimene nkhuku zimamwa ndipo ana amaseweramo. M'dzinja mvula imatenga zonsezo kupita nazo kudambo, kumene kuli zitsime ndi madimba a masamba ndi kachewere amene timagula pamsika. Madzi osambira anthu amawaona ngati opanda vuto, koma ndi mmene mumachapidwa matewera a mwana ndi zovala za wodwala m'mimba. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera amayenda m'njira imeneyi: chimbudzi cha munthu kufika m'madzi akumwa. Lamulo la zaumoyo, Public Health Act, limawerenga ngalande, dzenje kapena chimbudzi chonunkha ndi choika moyo wa anthu pachiswe ngati cholakwa chimene mwini malo ayenera kukonza, ndipo a zaumoyo a khonsolo ali ndi mphamvu yokulamulani kutero.

Madzi osambira ndi otsukira ali ndi njira ziwiri. Pa nyumba yokhala ndi septic tank yokula bwino angalowe mmenemo kudzera mu gully. Pa nyumba ya chimbudzi chokumba, kapena pamene thanki ndi yaing'ono, akhale ndi dzenje lawo. Musawathire m'chimbudzi chokumba: chimadzadza msanga ndipo makoma amafewa. Paipi ya sinki ndi ya bafa ikhale ya mamilimita 50, ya beseni losambira m'manja ya 40 ndi yokwanira, ndipo iliyonse ikhale ndi trap, kapaipi kopindika kosunga madzi kamene kamatsekereza fungo ndi mphemvu.

Kukhitchini n'kumene kumapha maenje ambiri. Mafuta a chipisi, msuzi wa nyama, nkhoko zonyika za m'poto wa nsima, ndi dothi lotsukidwa ku kachewere, zonsezi zikalowa m'dzenje la miyala zimalitseka isanathe miyezi ingapo, makamaka kuno kozizira kumene mafuta amagwirana msanga mu Juni ndi Julayi. Mangani kabokosi kogwira mafuta panja pa khitchini: masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi, madzi akuya 40, kopaka pulasitala m'kati. Paipi yotulutsa ikhale ndi T, kapaipi kooneka ngati chilembo T, yoloza pansi, yomira masentimita 20 m'madzi, kuti mafuta oyandama asatuluke. Sabata iliyonse tsegulani, wengulani mafutawo ndi chitini, akwirireni m'dzenje la zinyalala. Kachewere ndi mbatata tsukirani m'beseni panja, madzi adothiwo muthire pa mitengo. Nkhoko perekani ku nkhuku.

Musanakumbe dzenje lomwetsa madzi, yesani dothi. Ambiri amadumpha apa, ndiye amadabwa. Pamalo pamene mukufuna dzenjelo, kumbani mpaka pamene paipi idzafikire, kenako pansi pake kumbaninso kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse ndi 30 kuya. Dzadzani madzi madzulo, asiyeni usiku wonse. M'mawa dzadzaninso, imikani kamtengo kokhala ndi zizindikiro ziwiri, china masentimita 7.5 kuchokera pamwamba, china masentimita 15 kumunsi kwa choyambacho. Werengani nthawi imene madzi atenge kuchoka pa chizindikiro choyamba kufika pa chachiwiri. Akatenga pakati pa mphindi 30 ndi maola 4, dothilo ndi labwino. Akatha msanga kuposa mphindi 30, ndi mchenga kapena mwala wong'ambika, ndipo zonyansa zidzafika ku madzi a pansi zisanasefedwe. Akapitirira maola 4, kapena mukapeza a dzulo akadalimo, ndi makande kapena malo a chinyezi, dzenje silidzagwira ntchito. Bwerezani katatu, ndipo nthawi yabwino yoyesera ndi dzinja, chifukwa dothi la mu Okutobala limamwa chilichonse n'kukunamizani.

Dzenje la madzi osambira a banja limodzi likhale mita imodzi mbali zonse ndi mita imodzi ndi theka kuya. Dzadzanimo miyala yoyera yaikulu ngati chibakera kapena zidutswa za njerwa zootcha bwino, pamwamba miyala ing'onoing'ono, kenako thumba la saka kapena pepala la pulasitiki lokhuthala, ndiye dothi lotumbika ngati kachulu kuti mvula iziyenderera m'mbali. Dziwani kuti miyala imadya malo: dzenje la kukula kotere limasunga malita ngati 500 okha. Pa nyumba za lendi za mabanja asanu dzenje limodzi lotere silikwanira. Kumene dothi ndi la makande, njira imene ndaiona ikugwira ndi dzenje losaya, lotambalala mamita 2, lodzadza ndi mapesi ndi masamba ouma, lozunguliridwa ndi nthochi zinayi kapena zisanu. Nthochi zimamwa madzi ambiri ndipo sopo wamba sizimuopa. Madzi amenewa musathirire nawo masamba odya osaphika.

Paipi ya chimbudzi ndi ya mamilimita 110, ndipo itsike masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ikagona kwambiri zonyansa zimaima panjira. Potsetsereka, m'malo moitsetsereketsa mopitirira, mangani manhole yogwetsera kuti paipi itsike kamodzi kenako ipitirize ndi kupendekeka koyenera. Pansi pa paipi yalani mchenga wa masentimita 10, pamwamba pake mchenganso musanabwezere dothi, chifukwa mwala umodzi wosongoka umaboola paipi ya pulasitiki ya PVC galimoto ikadutsapo. Pokhota paliponse ndi pokumana mapaipi pakhale manhole, yotukuka pamwamba pa nthaka masentimita 10 kapena 15. Kumayambiriro kwa mzerewo kukhale paipi yotulutsa mpweya yopitirira denga, yotsekedwa ndi kawaya ka udzudzu kumutu.

Thanki ya malita 3,400 ija m'kati mwake ndi mamita 2.4 m'litali, 1.2 m'lifupi, madzi akuya 1.2, ndi mpata wa masentimita 30 pamwamba pa madzi. Igaweni zipinda ziwiri, choyamba mamita 1.6, chachiwiri 0.8, khoma lapakati likhale ndi mpata pakatikati pa kuya kwa madzi. Polowera ndi potulukira pakhale ma T, ndipo potulukira patsike masentimita 7.5 kuchokera pa polowera. Omanga ena amasiya ma T pofuna kusunga ndalama, pamene ndi iwo amatchinga chikhungu kuti chisapite ku soakaway. Pansi pakhale konkire, makoma apakidwe pulasitala wa muyeso umodzi wa simenti ndi itatu ya mchenga, m'kati ndi kunja komwe ngati malowo ndi a chinyezi. Musanaitseke idzadzeni madzi, ikani chizindikiro, dikirani tsiku lathunthu. Thanki yotaya madzi m'chilimwe ndi yomweyo idzalowetse madzi m'dzinja.

Soakaway ya thanki ikhale mamita 5 kapena kupitirira kuchokera ku nyumba, kumunsi kwa malo, mamita osachepera 30 kuchokera ku chitsime kapena mjigo, wanu kapena wa mnzanu, ndipo pansi pake patalikire mita imodzi ndi theka kuchokera pamene madzi a pansi amafika m'dzinja. Mukafuna kudziwa pamene amafika, suzumirani chitsime chapafupi mu Malichi. Kumene thanthwe lili pafupi, monga zilili m'mapuloti ena a m'mphepete mwa phiri, musalimbane ndi kukumba mwakuya. Kumbani ngalande zazitali za masentimita 60 m'lifupi, yalani miyala ya kwale, goneketsani paipi yoboola mabowo pansi, yotsika theka la sentimita pa mita, kwirirani. Mitengo ya bulugamu ikhale kutali, mizu yake imalondola madzi mpaka m'paipi.

Amene muli ndi chimbudzi chokumba nkhaniyi ikukukhudzaninso. Zimbudzi zimene zimagwa mu Febuluwale zambiri zimagwa chifukwa cha madzi a pamwamba, olowera m'mbali mwa silabu n'kufewetsa mlomo wa dzenje. Mangani njerwa kuzungulira mlomowo, theka la mita kapena mita yathunthu kutsika pansi, ndipo m'dothi lofewa mpaka pansi penipeni. Silabu itukuke masentimita 15 mpaka 20, dothi litsindiridwe mozungulira motsetsereka kunja, denga lipitirire makoma, ndi kangalande kumtunda. Bafa loyandikana nacho madzi ake alowere mbali ina.

Ntchito yosamala ichitike mu Okutobala, chizimalupsa isanagwe. Sesani gutter, fukulani mchenga m'ngalande zonse, matani ming'alu ya zivindikiro, onani ngati mlomo wa gully sunagumuke. Matope a m'thanki yesani ndi nsungwi yaitali yokulunga nsalu yoyera kumunsi: ilowetseni mpaka pansi m'chipinda choyamba, dikirani mphindi zingapo, tulutsani pang'onopang'ono. Pamene nsalu yadera ndi pamene matope afika. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, masentimita 40 pa thanki ndafotokozayi, itanani opopa, ndipo muwauze asiyemo matope pang'ono pansi kuti tizilombo tija tipitirize ntchito. Chivindikiro mukatsegula imani chapatali mphindi zingapo, osasuta fodya kapena kuyatsa moto pafupi, ana akhale kutali. Wina aliyense asalowe m'thankimo, ngakhale itapopedwa, ngakhale mwagwera foni kapena fosholo. Mpweya wa mmenemo umakomola munthu asanakuwe, ndipo wolowa kukamupulumutsa amakomokanso chimodzimodzi. Chogwera mmenemo chikokeni ndi ngowe muli panja.